Mmene mungaphunzitsire maganizo anu kubwerera akasochera

Mu 2014 katswiri wa zamaganizo Timothy Wilson ndi anzake a ku University of Virginia anaika anthu m'chipinda chopanda kanthu, aliyense payekha, opanda foni, buku kapena cholembera. Ntchito yawo inali yongokhala pansi ndi maganizo awo kwa mphindi zapakati pa 6 ndi 15. Ambiri sizinawasangalatse. Pa gawo lina la kafukufukuyu anawasiyira batani loti akalidina liwagwiritse shoko ya magetsi. Anthuwa anali atailawa kale shokoyo, n'kunena kuti angalolere kulipira ndalama kuti isawagwirenso. Koma atasiyidwa okha, amuna 12 mwa 18 ndi akazi 6 mwa 24 analidina batanilo. Analolera ululu kusiyana n'kungokhala duu ndi mutu wawo.

Ndayambira pamenepa kuti tsiku loyamba mukakhala pansi n'kuona kuti zikukanika, musadziyese munthu wachilendo. Kukhala chete ndi maganizo ako ndi ntchito ndithu, koma ndi yophunzirika. Akatswiri a zamaganizo amaitchula kuti mindfulness. Mawuwa anamasuliridwa kuchokera ku sati, mawu a chinenero cha Pali opezeka m'ziphunzitso za Chibuda, ndipo gwero lake ndi kukumbukira. Ineyo tanthauzo lakaleli ndi limene limandithandiza: kukumbukira pamene uli ndi chimene umachita, nthawi iliyonse ukaiwala. Ena pa Chichewa amangoti kusinkhasinkha, koma mawu amenewa akhoza kukusocheretsani. Wosinkhasinkha amaitembenuza nkhani m'mutu mpaka aipezere yankho. Apa simukufuna yankho la nkhani iliyonse. Mukuphunzira kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kuzindikira akachokapo, n'kuwabweza.

Amene analowetsa zimenezi m'chipatala ndi Jon Kabat-Zinn, yemwe mu 1979 anatsegula kiliniki yothandiza anthu opanikizika maganizo pa sukulu ya zaudokotala ya University of Massachusetts. Anachotsamo zachipembedzo, n'kuyamba kuphunzitsa odwala, ambiri mwa iwo a ululu wokhalitsa umene mankhwala ankalephera kuuthetsa. Zimene zili m'munsimu zachokera ku njira yakeyo ndiponso ku njira zina zimene zinaphukira pa iyo. Palibe choti mupembedze, palibenso choti mugule.

1. Sankhani nthawi yochepa imene simungajombe

Yambani ndi mphindi 10 patsiku. Ngati zikukuchulukirani, 5 zakwana. Pulogalamu ya Kabat-Zinn, yotchedwa MBSR, imatenga masabata 8. Gulu limakumana kamodzi pa sabata kwa maola awiri ndi theka, aliyense amapatsidwa zochita kunyumba za mphindi 45 patsiku, ndipo chakumapeto pamakhala tsiku lathunthu lokhala chete. Koma kumeneko kumakhala mphunzitsi ndi anzako okulimbitsa mtima. Munthu amene ali yekha akayambira pa 45, pofika Lachinayi amakhala atagwa ulesi.

Imangirizeni nthawiyi ku chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga mukangotsuka mkamwa m'mawa. Tcherani alamu yolira mofatsa kuti musamasuzumire wotchi, ndipo foniyo muiike poti dzanja silingafike. Musadikire kuti kunja kukhale zii. Phokoso lidzakhalapo, ndipo kutsogoloku tiligwiritsa ntchito.

2. Khalani bwino

Mpando uliwonse ndi wabwino. Mapazi onse aponde pansi, msana uwongoke koma osauumitsa, manja akhale pantchafu. Kupinda miyendo ngati mmene mumaonera pazithunzi si lamulo. Tsinzinani, kapena ngati kutsinzina kukukusowetsani mtendere, gwetsani maso pansi chapatsogolo panu osayang'anitsitsa kanthu. Pabedi pewanipo, chifukwa tulo sitichedwa.

3. Pezani pamene mpweya ukumveka

Musayambe ndi kukoka mpweya wambiri. Thupi lakhala likupuma lokha kuyambira tsiku limene munabadwa, ndiye lisiyeni lipitirize. Inu ntchito yanu ndi kufufuza pamene kupumako kukumveka bwino. Ena amakumva kumphuno, pamene mpweya wolowa umazizira pang'ono, wotuluka n'kufunda. Ena amakumva pachifuwa, ena pamimba pamene pamakwera ndi kutsika. Yesani malo onse atatu, musankhe amodzi, ndipo mukhale nawo sabata yonse. Kusinthasintha malo ndi njira inanso imene maganizo amathawira.

Kuganiza za mpweya n'kosiyana ndi kuumva. Mukamanena mumtima kuti "pano ukulowa, ukupita m'mapapo", mukuganiza. Mukamva lamba kapena nsalu ikukoka pang'ono pamimba pamene mukukoka mpweya, kenako n'kumasuka, pamenepo mukumva. Tcherani khutu ku kampata kakang'ono kamene kamakhalapo mpweya ukatha kutuluka, wina usanalowe. Anthu ambiri sanakaonepo kampata kameneka pa moyo wawo wonse.

Mukangoyamba kuulondola mpweya, mudzaona kuti mwayamba kuulamulira, ndipo kupuma kukumveka kokakamiza. Zimatha zokha pakapita masiku. Koma ngati zikukupatsani phuma kapena mukumva kubanika, usiyeni mpweyawo. Ikani maganizo pa mapazi pamene akhudza pansi, kapena pa kufunda kwa manja. Mpweya sunasankhidwe chifukwa chakuti uli ndi mphamvu yapadera. Unasankhidwa chifukwa uli nanu kulikonse ndipo umasuntha, choncho umagwirika mosavuta.

4. Werengani kuyambira 1 mpaka 9

Mpweya ukatuluka, nenani mumtima "1". Ukatulukanso, "2". Mukafika pa 9 bwererani pa 1. Nambala izimveka pansipansi, kumva mpweya kukhale patsogolo.

Kuwerengaku ofufuza amakugwiritsa ntchito ngati muyeso. Mu 2014 Daniel Levinson ndi anzake a ku University of Wisconsin-Madison ankauza anthu kuti azidina batani limodzi pa mpweya woyamba mpaka wa 8, ndi batani lina pa wa 9. Amene ankawerenga molondola ndi omwenso maganizo awo sankayendayenda kwambiri. Ubwino wa muyeso umenewu ndi woti sungadzinamize. Ine tsiku loyamba sindinapyole pa 4. Tsiku lina ndinadzidzimuka ndili pa 23: pakamwa pa mumtima pankawerenga ndithu, koma mwini wake ndinali ndikukangana ndi munthu amene sanali m'chipindamo.

5. Maganizo akathawa

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndiye tichedwapo.

Mphindi imodzi isanathe mudzapezeka muli kwina. Mwina mukuyankha munthu amene anakunyozani dzulo, ndipo ulendo uno mwapeza mawu abwino omulasa nawo. Mwina mukuwerengetsera ngongole. Mpweya munausiya kalekale, ndipo simukudziwa kuti munausiya pati.

Palibe chalakwika. Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku Harvard anagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa iPhone imene inkafunsa anthu 2,250 pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku kuti akuchita chiyani, akuganiza za chimenecho kapena zina, ndipo akumva bwanji. Zotsatira zake zinatuluka mu 2010: pafupifupi maulendo 47 pa 100 alionse, maganizo a anthuwo anali kwina. Anapezanso kuti maganizo akakhala kwina, anthuwo sankasangalala ngati mmene ankasangalalira akakhala pa chimene akuchitacho. Mu ubongo muli zigawo zimene zimatanganidwa kwambiri munthu akangokhala wopanda chochita, zomwe Marcus Raichle ndi anzake anazifotokoza mu 2001. Ndi zomwezo zimene zimagwira ntchito tikamafukula zakale, tikamakonza zamawa ndiponso tikamadzifunsa mmene ena amationera. Mukakhala pampando paja, mwazipatsa danga.

Mu 2012 Wendy Hasenkamp wa ku Emory University anaika anthu 14 ozolowera kuchita zimenezi m'makina ojambula ubongo. Anawauza kuti azilondola mpweya, ndipo azidina batani nthawi iliyonse akazindikira kuti maganizo athawa. Anafotokoza zinthu zinayi zimene zimangozungulira: maganizo athawa, munthu wazindikira, wawabweza, akhazikika kwakanthawi. Kenako athawanso. Taonani kuti awa anali anthu ozolowera, koma batani ankalidina ndithu.

Ndiye kamphindi kamene mwadzidzimuka n'kuti "aa, ndinachokatu ine", kameneko ndi kamene mumakafuna. Oyamba ambiri amakawerengera ngati kulephera, pamene ndi nthawi yokhayo imene luso limakula. Tsiku limene maganizo athawa maulendo 30 inu n'kuwabweza maulendo 30, mwagwira ntchito yambiri kuposa tsiku limene munangoti phee mukusinza.

Mukazindikira chitani izi. Chimene chinakutenganicho chipatseni dzina lalifupi, monga "zamawa", "mkangano", "nkhawa", "zakale". Dzina limodzi basi, osayamba kufufuza chifukwa chake munaganiza zimenezo. Kenako onani chimene ganizolo lasiya m'thupi. Kawirikawiri mudzapeza nsagwada zalumana, mapewa akwera, kapena pachipumi pachita makwinya. Masulani. Mukatero bwererani ku mpweya, muyambirenso pa 1.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi kulimbana ndi ganizo kuti lichoke. Mu 1987 Daniel Wegner anauza anthu kuti asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo aziliza belu chikangobwera m'mutu. Belu linkalira ndithu. Ndipo atawamasula kuti tsopano aganize za icho, amene poyamba analetsedwa aja anachiganizira kwambiri kuposa anzawo amene sanaletsedwe. Kuti uonetsetse kuti sukuganiza za chinthu, umayenera kumachisuzumira, ndipo kusuzumirako ndi kuchiganiza kale. Choncho ganizo musalithamangitse. Lisiyeni pomwe lili, inu mutembenukire ku mpweya.

Msampha wachiwiri ndi kudzikalipira: "ine ndiye sindingathe, mutu wangawu ndi wosokonekera". Limeneli ndi ganizo ngati ena onse, kungoti limabwera litavala ngati mphunzitsi. Lipatseni dzina lake, "kudzikalipira", n'kubwerera pa 1. Mwana amene akuphunzira kuyenda akagwa simumukalipira, mumangomudzutsa. Mawu amene mumadzibwezera nawo akhale otero.

6. Yendani m'thupi

Sabata yoyamba ikatha, masiku ena sinthani. Yambirani ku zala za phazi lakumanzere, mupite kuphazi, kuchidendene, kubondo, kuntchafu, kenako mwendo winawo, mimba, msana, chifuwa, manja, khosi, mpaka kumutu. Paliponse imanipo kwa mpweya uwiri kapena utatu, muone chimene chilipo: kufunda, kuzizira, kulemera, dzanzi, kugunda kwa mtsempha. Pena simudzamva chilichonse. Zindikirani kuti palibe, mupitirire.

Mphunzitsi wabwino pa gawo limeneli ndi kuyabwa. Tinene kuti patsaya payamba kuyabwa. Dzanja limafuna kunyamuka lokha musanaganize n'komwe. Lidikiritseni kwa mpweya utatu, muyang'ane kuyabwako: kuli pamalo aakulu bwanji, kukubaya kapena kukunyerenyesa, kukukula kapena kukuchepa? Nthawi zambiri kumakwera, kufika pachimake, n'kuzilala kokha. Kukapanda kutha kandani, koma mukande mukudziwa kuti mwasankha kukanda. Kampata kameneka, ka pakati pa kufuna kuchita ndi kuchita, n'komwe mudzakafune tsiku limene uthenga wokwiyitsa walowa pafoni chala chili kale pa batani loyankhira. Koma ululu wobaya wa pabondo kapena pamsana si woti muupirire. Sunthani, mukhale bwino.

7. Tsegulani khomo

Antoine Lutz, Richard Davidson ndi anzawo mu 2008 anagawa machitidwe amenewa pawiri: kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndi kukhala tcheru ku chilichonse chobwera osagwira chilichonse. Zimene mwachita mpaka pano ndi zoyambazo. Pakatha masabata atatu kapena anayi, mphindi zitatu zomaliza muzisiya kuwerenga. Mverani phokoso lililonse limene lafika m'khutu, lapafupi ndi lakutali, osalisaka. Galimoto ikadutsa, imvani mmene kulira kwake kukukulira ndi kuzimiririka. Kenako chitani chimodzimodzi ndi maganizo: ganizo labwera, lakhala, lapita. Mukaona kuti mwatengeka, bwererani ku mpweya kaye. Musathamangire gawo limeneli, chifukwa munthu amene sanazolowere kubwerera amangolota masana n'kumati akuchita bwino.

8. Mphindi zitatu zapakati pa tsiku

Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale anatenga njira ya Kabat-Zinn n'kuiphatikiza ndi uphungu wothandiza munthu kuona mmene amaganizira, n'kupanga pulogalamu yotchedwa MBCT. Ankafuna kuthandiza anthu amene matenda ovutika maganizo amawabwererabwerera. Anaona kuti kwa anthu otere kukhumudwa pang'ono kumatha kudzutsa maganizo akale odzinyoza, munthu n'kuyamba kuwabwereza mpaka kumira. Chimene amaphunzitsa ndi kuona ganizo ngati ganizo. "Ndine wolephera" ndi chigamulo. "Labweranso ganizo loti ndine wolephera" ndi chinthu chimene ungachiyang'ane chikudutsa. Kafukufuku wawo wa mu 2000 anasonyeza kuti matendawa sankabwerera kwambiri mwa amene anali atadwalapo katatu kapena kuposa, ngakhale kuti kwa amene anadwalapo kawiri kokha phindu silinaoneke.

M'pulogalamu yawo muli kachitidwe ka mphindi zitatu kamene ndimakaona kothandiza kuposa zonse, chifukwa kamachitika moyo uli mkati. Mphindi yoyamba dzifunseni kuti: m'mutu muli chiyani pano, mumtima muli chiyani, m'thupi muli chiyani? Musakonze kanthu, ingoonani. Mphindi yachiwiri sonkhanitsani maganizo pa mpweya wokha. Yachitatu atambasuleni afike thupi lonse, nkhope, kaimidwe kanu, kenako pitirizani zimene mumachita. Chitani katatu patsiku pa nthawi zoikika, zinthu zili bwinobwino, kuti tsiku la mkangano mudzakhale mutazolowera kale.

9. Dziwani poimira

Anthu ena amalankhula ngati zimenezi sizingapweteke munthu. Willoughby Britton wa ku Brown University watha zaka akufufuza anthu amene zinawaipira: ena nkhawa inakula, ena anayamba kukumbukira zoopsa zimene anakumana nazo kale, ena ankamva ngati thupi si lawo, ena tulo tinasowa. Kusowa mtendere pang'ono kapena kunyong'onyeka n'kwachibadwa. Koma mtima ukayamba kugunda kwambiri, mantha akakugwirani, kapena mukamva ngati mukutalikirana ndi thupi lanu, lekani pomwepo. Tsegulani maso, pondani pansi mwamphamvu, tchulani mokweza zinthu zisanu zimene mukuziona, imirirani muyende.

Ngati munachitidwapo nkhanza kapena kuona zoopsa zimene zimakubwereranibe, ngati munadwalapo matenda aakulu a maganizo, kapena panopa mwamira m'kukhumudwa, musayambe nokha. Kambiranani kaye ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo. Ndipo ngati mukumwa mankhwala, musawasiye chifukwa mwayamba kulondola mpweya. Kafukufuku wa Willem Kuyken wa mu 2015, wa anthu 424 ku Britain, anapeza kuti amene anaphunzira MBCT n'kumachepetsa mankhwala ndi amene anapitiriza mankhwala, matenda anawabwerera mofanana ndithu pa zaka ziwiri. Koma kuchepetsako kunkachitika madokotala awo akuwayang'anira.

10. Yembekezerani zoyenera, ndipo muzilemba

Mu 2014 Madhav Goyal ndi anzake a ku Johns Hopkins anaunika akafukufuku 47 okhudza anthu 3,515. Anapeza umboni wapakatikati woti mapulogalamu amenewa amachepetsa nkhawa, kukhumudwa ndi ululu. Sanapeze umboni woti amaposa mankhwala, masewera olimbitsa thupi kapena uphungu wa mtundu wina. Mu 2022 Elizabeth Hoge wa ku Georgetown anayerekeza MBSR ndi mankhwala a escitalopram pa anthu odwala nkhawa, ndipo patatha masabata 8 zotsatira zinali zofanana. Chaka chomwecho kafukufuku wamkulu wotchedwa MYRIAD, wa ana oposa 8,000 m'masukulu a ku Britain, anapeza kuti kuphunzitsa kalasi yonse njira zimenezi sikunapose maphunziro amene ankaperekedwa kale, ndipo ana ambiri sankayeserera n'komwe kunyumba. Kwa ine izi zikunena kuti munthu sungamukhazike pansi mokakamiza n'kuyembekezera phindu. Nkhani zoti masabata 8 amakulitsa zigawo za ubongo muzimve mosamala: gulu la ku Wisconsin litayesa kutsimikiza zimenezi ndi anthu ambiri mu 2022, silinapeze kusintha kotero.

Pezani kabuku. Alamu ikalira, lembani mizere iwiri: mwakhala mphindi zingati, ndi dzina limene mwalitchula kwambiri lero. Musalembe kuti "zayenda bwino" kapena "zakanika", chifukwa tsiku limene mtima unali m'malo ndi tsiku limene munabweza maganizo kambirimbiri, simungadziwe limene lakupindulitsani. Chapakati pa sabata yachiwiri ndi yachitatu anthu ambiri amadandaula kuti maganizo ayamba kuthawa kwambiri kuposa kale. Kawirikawiri amakhala kuti akuthawa mmene ankathawira, kungoti tsopano mukuwagwira msanga, ndiye maulendo akuoneka ochuluka. Mukajomba tsiku, lembani mzere pa deti limenelo, mawa mukhale mphindi zanu zomwezo osabweza ngongole ya dzulo. Masabata 8 akatha, werengani kabukuko kuchokera koyamba. Kanga, mawu akuti "mkangano" anatuluka pafupifupi tsamba lililonse, ndipo nthawi zambiri unali mkangano ndi munthu mmodzimodziyo.